Laser pa ziphuphu ndi zipsera zake: imathandiza pati, imawononga pati

Woyang'anira Gulu
Moni nonse. Funso la laser labwera kangapo sabata ino, ndiye tiyeni tilikambire pamalo amodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Anthu akufuna kudziwa ngati laser imathetsa ziphuphu zomwe zikutuluka panopa, ngati imafafaniza zipsera, komanso ngati khungu lakuda lingapirire. A Dokotala, a Namwino, a Wamankhwala, bwalo ndi lanu. Chonde tisatsatse malonda muno.

Dokotala wa Khungu
Zikomo. Ndiyambe ndi kumasula mtolo, chifukwa munthu akati "ziphuphu zandiwononga nkhope" amakhala akunena zinthu zinayi zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi njira yake.

Pali chiphuphu chamoyo. Chimayambira m'kabowo momwe mumamera kaubweya, pomwe palinso kathumba kopanga mafuta. Mafuta akachuluka, khomo la kabowoko n'kutsekeka ndi timaselo takufa, bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes amaswana mkatimo ndipo malowo amatupa. Chiphuphu chikaphwa pamatha kutsala dontho lofiira, lomwe ndi timitsempha ta magazi tomwe tinatanuka nthawi ya kutupa ija. Pamathanso kutsala banga lakuda, lomwe ndi melanin (utoto wachilengedwe wodetsa khungu) wochuluka. Ziwiri zimenezi si zipsera. Tsinzinani n'kupititsapo chala, mupeza khungu ndi losalala. Chipsera chenicheni ndi pomwe mnofu wa khungu wasintha, mwina wakumbika, mwina watukumuka.

Laser iliyonse imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, ndipo kuwalako kumamwedwa kwambiri ndi chinthu chimodzi: madzi, magazi, melanin kapena mafuta. Chomwe chamwa kuwalako ndicho chimatentha. Mfundoyi anaifotokoza Rox Anderson ndi John Parrish mu 1983, ndipo makina onse a khungu omwe tikambe muno amatsamira pamenepo. Choncho wina akakuuzani kuti ali ndi laser, mufunseni nambala yake ya nm, yomwe imasonyeza mtundu wa kuwala kwake, komanso chomwe ikulunjika pankhope panu. Akayamba kukanda m'mutu, nyamulani chikwama.

Wophunzira Udokotala
A Dokotala, ndiye pa chiphuphu chamoyo kuwalako kumalunjika chiyani? Bakiteriya kapena kathumba ka mafuta?

Dokotala wa Khungu
Zonse ziwiri zilipo, koma si zamphamvu mofanana. Bakiteriya uja amapanga timankhwala totchedwa porphyrin, tomwe timamwa kuwala kwa buluu cha pa 415 nm. Tikamwa kuwalako timatulutsa mpweya wa oxygen wolusa womwe umapha bakiteriyayo. Vuto lake, kuwala kwa buluu sikulowa patali, ndiye ena amakuphatikiza ndi kofiira kwa pakati pa 630 ndi 660 nm komwe kumalowako pang'ono ndi kuziziritsa kutupa. Nthawi zambiri zimenezi zimakhala nyali za LED, si laser kwenikweni. Zimachepetsa ziphuphu zofiira zazing'ono, koma mukasiya kuunikira bakiteriya amabwerera, poti nyumba yake ndi chakudya chake zikadalipo. Timitu takuda ndi toyera tija sizitikhudza kwenikweni.

Njira yanzeru kwambiri ndi kutentha kathumba ka mafuta kenikeniko. Laser ya diode ya 1450 nm inkayesa kutero potenthetsa madzi a mkati mwa khungu, koma imapweteka ndipo pakhungu lakuda imasiya mawanga. Kenaka kunabwera ya 1726 nm, pomwe mafuta a m'khungu amamwa kuwala kuposa madzi. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza makina a AviClear a mtundu umenewu mu 2022, ndipo a Accure anatsatira chaka chomwecho. Kawirikawiri amaunikira katatu, kutalikitsa pafupifupi mwezi umodzi, ndipo gawo lililonse limatenga mphindi ngati 30. Popeza melanin samwa kwambiri kuwala kwa 1726 nm, imagwira pa mitundu yonse ya khungu. Chodziwiratu n'chakuti ziphuphu zimatha kubuka kaye mwamphamvu masabata oyambirira, ndipo phindu limaoneka bwino patapita miyezi, osati mawa lake.

Wamankhwala
Ndiikepo mawu msanga tisanatengeke ndi makina. Pa ziphuphu zamoyo, chithandizo choyamba chikadali mankhwala, ndipo umboni wake ndi wochuluka kuposa wa laser iliyonse. Adapalene wa 0.1 peresenti usiku, kachidutswa kofanana ndi nsonga ya chala kupaka nkhope yonse, osati pa chiphuphu pokha. Benzoyl peroxide wa 2.5 mpaka 5 peresenti, yemwe amapha bakiteriya popanda kumuzoloweretsa mankhwala, kungoti amasukulutsa matawulo ndi mapilo. Ziphuphu zikakhala zotupa kwambiri, doxycycline kwa miyezi itatu kapena inayi basi, limodzi ndi zopaka zija. Zikakhala zazikulu ngati zithupsa, zosiya mabowo, ndiye isotretinoin, pafupifupi 0.5 mpaka 1 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, moyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo mayi woyembekezera kapena yemwe angatenge pakati asawayandikire chifukwa amapundula mwana m'mimba.

Mankhwala opaka amafuna masabata 8 mpaka 12 kuti muweruze. Ambiri omwe amati "ndayesa zonse zakanika" anasiya sabata yachitatu nkhope itayamba kuuma ndi kufundula, pamene akanangochepetsa kupaka kukhala katatu pa sabata n'kuwonjezera mafuta ofewetsa khungu.

Chinanso: ngati munthu akudzola zoyeretsa khungu zokhala ndi steroid monga clobetasol kapena betamethasone, ziphuphu zake zimakhala zofananafanana kukula, zambirimbiri, ndipo khungu limakhala lopyapyala. Nkhope yotere isaone laser mpaka atasiya zodzolazo ndipo khungu litabwerera.

Namwino wa Laser
A Wamankhwala anena zoona. Ndipo dongosolo lake ndi lomwelo: zimitsani moto kaye, kenaka mukonze nyumba. Kuboola zipsera ndi laser pamene ziphuphu zatsopano zikutulukabe ndi kutaya ndalama, chifukwa chiphuphu chachikulu chilichonse chikhoza kukumba dzenje lina. Komanso kutentha ndi mafuta okhuthala omwe timapaka pambuyo pake zimadzutsa ziphuphu. Ambiri timafuna nkhope ikhale chete kwa miyezi ingapo tisanayambe.

Dokotala wa Maopaleshoni a Khungu
Tsopano zipsera zokumbika. Zilipo za mitundu itatu, ndipo munthu mmodzi amakhala nayo yonse nthawi zambiri.

Ice pick ndi kadzenje kopapatiza, kosakwana mamilimita 2 pakamwa pake, koma kakuya ngati pobayidwa ndi singano yaikulu. Boxcar ndi dzenje lozungulira kapena la mbali zinayi, m'mbali mwake mochita kudukiratu ngati chipsera cha katsabola, kukula kwake mamilimita 1.5 mpaka 4. Rolling ndi chigwa chotakata, choposa mamilimita 4, chopanda malire enieni, chochititsa tsaya kuoneka ngati mafunde. Chimenechi chimabwera chifukwa pansi pa khungu pali tizingwe tolimba tomwe tikulikokera pansi.

Poyeza, muunike nkhope cham'mbali, osati kutsogolo, chifukwa kuwala kwa kutsogolo kumabisa maenje. Kenaka kokani khungu ndi zala ziwiri. Chipsera chikasalala pokokapo, n'chosaya kapena chomangika pang'ono, ndipo chimamva chithandizo. Chikakhala momwemo, ndi ice pick kapena boxcar yakuya.

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa ndi laser. Rolling yomangika ndi tizingwe siimasuka ndi kutentha kwa pamwamba. Imafuna subcision, njira yomwe David ndi Norman Orentreich anaifotokoza mu 1995: timabaya dzanzi, n'kulowetsa singano ya mutu ngati kampeni kapena kachubu kobuntha pansi pa chipsera, n'kumayendetsa uku ndi uku mpaka tizingwe tiduke. Kuduka kwake kumachita kumveka. Magazi omwe amasonkhana pamenepo amatukula chigwacho, ndipo ena amawonjezera filler, mankhwala obaya odzaza pansi pa khungu, kuti tizingwe tisalumikizanenso. Mikwingwirima yake imatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Ice pick imafuna TCA CROSS. Timaviika kamtengo kosongoka mu trichloroacetic acid wa 70 mpaka 100 peresenti, n'kugunda pansi pa kadzenjeko pokha mpaka payere ngati chisanu. Pamabwera kankhanambo, kamagwa pakatha sabata, ndipo dzenje limakwera pang'onopang'ono. Amabwereza katatu mpaka kasanu ndi kamodzi, kutalikitsa masabata 4 mpaka 6. Asidi akadonthera pakhungu labwino amapanga chipsera chachikulu kuposa choyamba chija, n'chifukwa chake zogula pa intaneti n'kumadzipaka kunyumba n'zoopsa. Boxcar yakuya kwambiri timangoidula ndi kachipangizo kozungulira ka mamilimita 1.5 mpaka 3, n'kusoka. Laser imabwera pambuyo pa zonsezi kudzasalaza m'mbali mwa maenje ndi kufananitsa khungu lonse.

Wophunzira Udokotala
Nanga mawu akuti fractional omwe ali pa chikwangwani chilichonse akutanthauza chiyani? Ndi mtundu wa laser kapena ndi kaunikiridwe?

Katswiri wa Makina
Ndi kaunikiridwe, achimwene. Kale laser ya CO2, yomwe ndi 10,600 nm, inkasenda khungu lonse la pamwamba osasiya malo. Zotsatira zinali zamphamvu, koma bala limatenga masabata awiri kuti litseke, kufiira kumakhala miyezi, ndipo ena khungu limadzayera mawangamawanga patapita miyezi yambiri, kuyera kosabwereranso. Mu 2004 Dieter Manstein ndi Rox Anderson ndi anzawo anafotokoza njira yogawa kuwalako kukhala timizati tating'onoting'ono, tochepa kuposa theka la milimita, tosiya khungu lamoyo pakati. Khungu lotsalalo ndilo limatumiza maselo kudzatseka timabowoto mwamsanga.

Pali magulu awiri. Ablative imaphwetsa mnofu kukhala nthunzi n'kusiya kabowo kotseguka. M'gululi muli CO2 ndi erbium (Er:YAG) ya 2940 nm. Madzi amamwa kuwala kwa erbium kuposa kwa CO2 kopitirira kakhumi, choncho erbium imadula mwaukhondo osasiya kutentha kwambiri m'mbali. Ubwino wake imachira msanga ndipo mawanga amachepa. Kuipa kwake imatulutsa magazi pang'ono ndipo siikungitsa khungu ngati CO2, poti kutentha kotsalako ndiko kumafinya kolajeni, ulusi wolimbitsa khungu, ndi kudzutsa watsopano. Non-ablative, monga 1540 kapena 1550 nm, imaphika kamzati mkati koma chikopa cha pamwamba chimatsala chotseka. Imafuna magawo ambiri, kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, koma munthu amabwerera ku ntchito patapita masiku awiri kapena atatu.

Pa makinawo pali zinthu ziwiri zikuluzikulu zosintha. Mphamvu ya kamzati kalikonse, yoyezedwa mu mJ, ndiyo imanena kuya kwake. Density ndiyo imanena kuti ndi gawo lanji la khungu lomwe laboolidwa, kaya 5 peresenti kaya 30. Palinso kutalika kwa kung'anima kulikonse ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mwadutsa pamalo amodzi. Manambala a makina a kampani ina simungawakopere pa makina a kampani inzake, chifukwa kukula kwa kadontho n'kosiyana. Ichi chapsereza anthu ambiri, wogwiritsa ntchito atakopera manambala kwa mnzake pa foni.

Namwino wa Laser
Ndikhalepo pang'ono pa density, chifukwa pakhungu lakuda nkhani yonse yagona pamenepo. Timagwiritsa ntchito muyezo wa Thomas Fitzpatrick wa 1975, womwe umagawa khungu kuyambira I, loyera kwambiri, mpaka VI, lakuda kwambiri. Kuyambira IV kupita m'mwamba, maselo opanga melanin sachedwa kupsa mtima. Kutentha kulikonse kapena kutupa kulikonse, iwo amayankha ndi kuthira utoto. Ndiye mukathinanitsa timizati, kutentha kwa kamzati kena kumakumana ndi kwa kanzake, khungu lonse limaphikika, ndipo mawanga akuda amabwera. Zofufuza zasonyeza kuti density ndiyo imabweretsa mawangawa kuposa mphamvu. Choncho pakhungu lakuda timasiya mphamvu yokwanira kufika pansi pa chipsera, koma timatsitsa density, kuchepetsa maulendo, kuziziritsa ndi mpweya wozizira pakati pa ulendo uliwonse, ndi kutalikitsa magawo kufika masabata 6 kapena 8.

Tisanagwire nkhope yonse timayesa kamalo kakang'ono kutsogolo kwa khutu kapena m'mphepete mwa nsagwada. Ndipo osaweruza mawa lake. Banga lakuda limatulukira pakatha masabata atatu kapena anayi, pamene munthu wayamba kale kusangalala.

Ine ndinganene kuti pa V ndi VI fractional CO2 isakhale poyambira.

Dokotala wa Maopaleshoni a Khungu
A Namwino, pamenepo ndikugwirizana nanu theka. Pa VI inde. Koma pa IV ndi V wokhala ndi boxcar zambiri, non-ablative nthawi zina imangomudyera munthu nthawi ndi ndalama, magawo asanu kusintha kwake kochepa. CO2 kapena erbium ya density yotsika kwambiri, yolunjika pa zipsera zokhazokha osati nkhope yonse, imatha kugwira bwino. Banga lakuda limatha pakapita miyezi, pamene dzenje silidzitsekera lokha. Chofunika n'chakuti munthuyo auzidwiretu poyera kuti mwina adera kaye kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, avomere yekha.

Namwino wa Laser
Likakhala la pamwamba limathadi. Koma melanin akagwera mkati mwa khungu, banga lija limaoneka lotuwa mobiriwira ndipo limatha kukhala zaka. Ndiye "kudera kaye" kumeneko si kwa aliyense. Pali njira zapakati. Microneedling ya radiofrequency, yomwe ndi kubaya khungu ndi tisingano tambiri totenthetsa ndi mafunde a magetsi, ikakhala ndi singano zokutidwa imatulutsa kutentha kunsonga kokha, mkati mwa khungu, kudumpha pamwamba pomwe pali melanin. Si laser, ndipo ilibe nazo ntchito za mtundu wa khungu. Palinso laser yong'anima mwachangu kwambiri yotchedwa picosecond, ya 1064 nm, yokhala ndi galasi logawa kuwala, yomwe imapanga timaphulika tating'ono mkati popanda kutentha kwambiri. Kwa munthu wokhala ndi mawanga ndi zipsera zosaya nthawi imodzi, imeneyi ndi yabwino.

Dokotala wa Khungu
Nonse muli ndi mfundo, ndipo chomwe chimaweruza ndi mbiri ya khungu la munthuyo. Muoneni pomwe analumidwa ndi udzudzu kapena pomwe anadzicheka. Ngati pamatsala banga lakuda kwa miyezi, laser idzachitanso chimodzimodzi.

Ndiwonjezere za IPL, chifukwa malo ambiri okongoletsa anthu amaitchula laser pamene si laser. Ndi nyali yotulutsa kuwala kwa mitundu yambiri nthawi imodzi, ndipo melanin amamwa gawo lalikulu la kuwalako. Pakhungu lakuda imasiya zidindo za mbali zinayi zofanana ndi mutu wa makinawo, zina zakuda zina zoyera. Chimodzimodzi laser ya 532 nm. Pulsed dye laser ya 585 kapena 595 nm ndiyo ya madontho ofiira aja, chifukwa imalunjika magazi, koma nayonso melanin amaipikisana, ndiye pakhungu loderapo Nd:YAG ya 1064 nm ndiyo yotetezeka. Kuwala kwake kumadutsa melanin osamwedwa kwambiri.

Ndipo mawanga akuda okhaokha opanda maenje, laser ikhale yomalizira. Azelaic acid wa 15 mpaka 20 peresenti, adapalene kapena tretinoin, ndi mafuta oteteza ku dzuwa amachotsa ambiri mwa iwo.

Wophunzira Udokotala
M'mabuku ena akuti munthu yemwe wamwa isotretinoin adikire miyezi isanu ndi umodzi asanachite laser. Lamuloli likadalipo?

Wamankhwala
Pa pepala la m'bokosi la mankhwalawo chenjezolo likadalipo. Linachokera ku malipoti ochepa a zaka za m'ma 1980 a anthu omwe anatuluka keloid, zipsera zotukumuka zomakulabe, atapalidwa nkhope ndi makina. Mu 2017 akatswiri a khungu ataunikanso umboni wonse anapeza kuti palibe chifukwa chokwanira chochedwetsera non-ablative ndi fractional. Koma laser yosenda nkhope yonse ndi kupala khungu ndi makina anati zidikirebe. Ndiye madokotala ena amayamba msanga, ena amasunga lamulo lakale. Wodwala angonena zoona za mlingo womwe ankamwa ndi tsiku lomwe anasiya.

Mankhwala ena ofunika kuwatchula: doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, aspirin ndi ochepetsa kuundana kwa magazi amakulitsa mikwingwirima ya subcision, koma amenewa musasiye nokha ngati anakupatsani a dokotala. Retinoid wopaka, monga adapalene kapena tretinoin, amaimitsidwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri gawo lisanachitike.

Namwino wa Laser
Ndifotokoze tsiku lenilenilo, la fractional ablative, kuti anthu adziwe choyembekezera komanso aone ngati malo omwe apitawo akuchita zinthu mwadongosolo.

Aliyense yemwe amatuluka timatuza ta herpes pamilomo ayenera kunena. Kachilomboka kakadzuka pankhope yoboolidwa kamafalikira paliponse n'kusiya zipsera zatsopano. Amapatsidwa valacyclovir 500 mg kawiri patsiku kapena acyclovir 400 mg katatu patsiku, kuyambira dzulo lake mpaka masiku 7 kapena 10, ndipo ambiri amapereka kwa aliyense wochita nkhope yonse ngakhale sanadwalepo. Woyembekezera, wokhala ndi bala kapena matenda pankhope, ndi yemwe wangopsa ndi dzuwa, tsikulo amabwezedwa.

Timajambula zithunzi kutsogolo ndi m'mbali zonse, kuwala kochokera cham'mbali. Timapaka mafuta a dzanzi, monga a lidocaine ndi prilocaine 2.5 peresenti aliyense, kwa mphindi 45 mpaka 60. Kenaka timapukuta onse. Kusiya mafutawo pakhungu kuli ndi mavuto awiri: muli madzi omwe amamwa kuwala kusanafike pomwe tikufuna, komanso mankhwalawo amalowa m'magazi kudzera m'timabowo. Munthu akayamba kumva dzanzi kuzungulira pakamwa, kulira m'makutu kapena chizungulire, lidocaine wachuluka m'thupi ndipo timaima. Ngati tatsuka ndi spirit timadikira aume kotheratu, chifukwa CO2 imayatsa moto. Maso amaphimbidwa ndi tizitsulo, aliyense m'chipindamo amavala magalasi a nambala ya laser imeneyo, ndipo pamakhala chopopa utsi pafupi ndi khungu. Kuunikira kwenikweni kumatenga mphindi 15 mpaka 30.

Pambuyo pake nkhope imaotcha ngati mwapsa ndi dzuwa kwa maola angapo. Kutupa kumakula tsiku lachiwiri, makamaka m'zikope, ndiye gonani mutu utakwera. Tsukani mofatsa kangapo patsiku, ndipo ambiri timalangiza kunyika kansalu koyera m'madzi owiritsa ozizira osakaniza ndi viniga woyera, gawo limodzi la viniga pa magawo ngati 20 a madzi, n'kuika pankhope mphindi 10. Asidi wofooka ameneyu amaletsa mabakiteriya monga Pseudomonas. Kenaka pakani petroleum jelly mopyapyala kuti bala lisaume. Khungu limadera n'kukhala lokhakhala ngati sandpaper, kenaka limafundula pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Osatong'ola. Nkhanambo yochotsedwa isanakhwime ndiyo banga la mawa. Khungu likangotseka siyani jelly uja mupite ku mafuta opepuka, apo ayi mutuluka timitu toyera ndi ziphuphu.

Dokotala wa Khungu
Pa zizindikiro zoopsa nditsindike chimodzi. Ululu uyenera kumachepa tsiku ndi tsiku. Ukayamba kukula tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kapena mwaona mafinya, nkhanambo zachikasu, timabala tozungulira tokumbika, kapena thupi latentha, bwererani tsiku lomwelo. Pakhungu lopanda chikopa cha pamwamba herpes satulutsa matuza ooneka, amangoonetsa timabala topweteka. Kuyabwa kwambiri ndi kufiira kowala kumatha kukhala candida (matenda a mafangasi) kapena khungu kudana ndi mafuta ena opaka, makamaka okhala ndi neomycin kapena fungo.

Khosi, chifuwa ndi msana musazitenge ngati nkhope. Khungu limachira kuchokera m'timabowo ta ubweya ndi timatumba ta mafuta, ndipo kumeneko n'tochepa. Manambala omwe tsaya lapirira akhoza kusiya chipsera chotukumuka pakhosi. Cha m'munsi mwa diso namonso, kutentha kukachuluka chikope chimakokekera pansi.

Woyang'anira Gulu
Wina wafunsa kumbali za zipsera zotukumuka za pansagwada ndi pachifuwa. Zimenezi laser imazitha?

Dokotala wa Maopaleshoni a Khungu
Yokha ayi. Chipsera cha hypertrophic chimakhala m'malire a bala loyamba ndipo chimatha kuphwa pachokha. Keloid imadumpha malire n'kumakulabe, imayabwa ndi kupweteka. Poyambira ndi jakisoni wa triamcinolone wa 10 mpaka 40 mg pa ml, wobayidwa mkati mwa chipseracho masabata 4 mpaka 6 alionse, nthawi zina wosakaniza ndi 5-fluorouracil, kuphatikizapo kumata silicone maola ambiri patsiku kwa miyezi. Jakisoniyo akabayidwa mosaya kapena akatayikira m'mbali, khungu limayera ndi kulowa mkati. Laser imathandizira: pulsed dye kapena 1064 nm kuchepetsa kufiira, kapena fractional ya density yotsika kwambiri kutsegula timabowo kuti steroid wopaka alowe. Kudula keloid kapena kuitentha yonse popanda chithandizo chotsatira, imabwerera yaikulu kuposa kale. Munthu wokhala ndi keloid ngakhale imodzi pathupi anene asanachite laser iliyonse yoboola.

Wamankhwala
Za kuteteza mawanga. Mafuta a dzuwa a SPF (nambala ya mphamvu yake yoteteza) 30 kupita m'mwamba, makamaka 50, kuyambira khungu litangotseka, mizere iwiri ya zala pankhope, kubwereza maola awiri alionse mukakhala panja. Khungu lakuda limaderanso ndi kuwala kooneka ndi maso, osati UV yekha, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, ndiye sankhani okhala ndi utoto wa iron oxide. Chipewa nachonso.

Hydroquinone wa 4 peresenti amathandiza banga likatuluka, koma kwa miyezi itatu kapena inayi kenaka kupumira. Kumupaka mosalekeza kumabweretsa ochronosis, kuda kwa buluu kokhala ngati timadontho, komwe n'kovuta kuchotsa kuposa banga lomwe munkathawa lija. Za kumupaka laser isanachitike akatswiri sagwirizana, umboni wake ndi wofooka. Madokotala ena amapereka steroid wamphamvu wopaka kwa masiku awiri okha pambuyo pa gawo kuti kutupa kuchepe, koma masiku awiriwo akhale awiri ndithu.

Katswiri wa Makina
Kanthu kena kakang'ono. Sabata yoyamba ndi yachiwiri zipsera zimaoneka ngati zatheratu. Ndi kutupa komwe kwadzaza maenje. Kutupako kukaphwa zimaonekanso, ndipo anthu amaganiza kuti makina anali abodza. Zithunzi zambiri zotsatsira malonda zimajambulidwa nthawi imeneyi, kuwala kochokera kutsogolo.

Dokotala wa Khungu
Eya, ndipo kolajeni watsopano amamangika kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndiye kuweruza kwenikweni kuchitike pamenepo, poyerekeza ndi zithunzi zoyamba pa kuwala komweko. Palibe njira yomwe imabweza khungu kukhala ngati silinatulukepo chiphuphu. Chomwe timafuna n'chakuti maenje akhale osaya, m'mbali mwake mufewe, asamagwire mthunzi munthu akaima pa mtunda wocheza. Pa muyezo wa Goodman ndi Baron wa magiredi anayi, kutsika ndi giredi imodzi ndi kupambana kooneka.

Wophunzira Udokotala
Ndiye kwa munthu wa khungu la V, ziphuphu zaleka, ali ndi rolling pamasaya, ice pick zingapo m'mbali mwa maso ndi mawanga akuda, mungayambire pati?

Dokotala wa Maopaleshoni a Khungu
Miyezi iwiri kapena itatu ya adapalene kapena tretinoin, azelaic acid ndi mafuta a dzuwa, kuti mawanga achepe tione maenje enieni, chifukwa banga limachititsa dzenje kuoneka lakuya kuposa mmene lilili. Kenaka subcision pamasaya, ndipo tsiku lomwelo CROSS pa ice pick ziwiri kapena zitatu zokha ngati zoyesera. Tidikire masabata 6. Ngati sizinade kwambiri, tichite zotsalazo. Pambuyo pa magawo awiri kapena atatu otere, tiyese kamalo ka 1550 nm kapena radiofrequency kutsogolo kwa khutu, tidikirenso mwezi, ndiye tigwire masaya onse pa density yotsika. Adapalene abwerere pakatha masabata awiri a gawo lililonse kuti ziphuphu zisadzuke. Zonsezi zimatenga chaka kapena kupitirirapo.

Namwino wa Laser
Ndipo cham'mbali mwa maso muja singano ya subcision isalowe mwakuya, muli mtsempha waukulu wa magazi ndi nthambi ya mtsempha yomwe imakweza nsidze. Kumeneko kachubu kobuntha ndiko kabwino.